Imfa yadzidzidzi ku England ndi Wales: ufulu umene malamulo atsopano a coroner akukupatsani ngati oferedwa

Foni ikalira usiku n'kumva kuti m'bale wanu wagwa ali pantchito ku Leicester, kapena kuti sanadzuke m'chipinda chake ku Manchester, maganizo amathamangira kumudzi. Amayi akawauza ndani? Thupi linyamuka liti? Pagulu la WhatsApp anthu amayamba kusonkha usiku womwewo, ndipo kumudzi achibale amayamba kusonkhana pasiwa. Kenako mumamva mawu amene mabanja ambiri akwathu amawamva koyamba pa tsiku lachisonilo: thupi lili m'manja mwa coroner, simungalitenge.

Apa mabanja ambiri amangokhala chete poganiza kuti nkhani yalowa m'boma, ndiye palibe chonena. Ena amaopa kuti akafunsa mafunso aoneka ngati akulimbana ndi akuluakulu. Koma kuchokera mu 2013 malamulo okhudza ntchito ya coroner asintha kangapo, ndipo zambiri zasintha mokomera banja. Muli ndi ufulu wodziwitsidwa zomwe zikuchitika, wofunsa mafunso, wopempha kuti zinthu zifulumire komanso wolandira zikalata. Vuto ndi lakuti ufulu umenewu umathandiza amene akuudziwa ndi kuupempha pa nthawi yake.

Zomwe tafotokoza pano ndi za ku England ndi Wales. Ku Scotland kulibe coroner, imfa zotere amafufuza ndi ofesi ya Procurator Fiscal. Northern Ireland ili ndi malamulo akeake, ndipo ku South Africa amene amamva nkhanizi ndi majisitireti.

Kodi coroner ndi ndani?

Coroner ndi woweruza wapadera amene ntchito yake ndi kufufuza imfa zosadziwika bwino. Si wapolisi ndipo sagwira ntchito pansi pa chipatala. Lamulo lalikulu limene amatsatira ndi Coroners and Justice Act la 2009, lomwe mbali yake yokhudza ntchitoyi inayamba kugwira ntchito mu July 2013. Lamuloli linakhazikitsanso udindo wa Chief Coroner, yemwe amapereka malangizo kwa ma coroner onse kuti ntchito isamasiyane kwambiri dera ndi dera.

Coroner ayenera kufufuza pa zifukwa zitatu: ngati akuganiza kuti imfayo yachitika mwachiwawa kapena si yachilengedwe, ngati chomwe chapha munthuyo sichikudziwika, kapena ngati munthuyo wamwalira ali m'manja mwa boma. Kukhala m'manja mwa boma kukuphatikiza ndende, chitokosi cha apolisi, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, komanso kugonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo mokakamizidwa ndi lamulo.

Udindo wake umakhudza thupi lililonse limene lili m'dera lake. Kaya malemu anali nzika, anali pa viza ya ntchito kapena ya sukulu, kapena mapepala awo anali atatha, imfa yawo imafufuzidwa chimodzimodzi. Musadabwenso kuti nkhani yafika kumeneko. M'zaka zaposachedwa, pafupifupi imfa imodzi mwa zitatu zilizonse imakanenedwa kwa coroner, ndipo zambiri mwa izo zimatha popanda kufika kukhoti.

Munthu amene muzilankhula naye tsiku ndi tsiku ndi wothandizira coroner, amene amatchedwa coroner's officer. Lembani dzina lake, nambala yake ndi nambala ya fayilo ya malemu tsiku loyamba lomwelo.

Kusintha kwa mu September 2024

Kuyambira pa 9 September 2024, imfa iliyonse ku England ndi Wales iyenera kuunikidwa ndi munthu woima payekha isanalembetsedwe. Imfa yomwe sinapite kwa coroner imaunikidwa ndi medical examiner, dokotala wamkulu amene sanatenge nawo mbali pothandiza wodwalayo. Iye amawerenga mafayilo a kuchipatala, amalankhula ndi dokotala amene akulemba chomwe chapha munthuyo, ndipo ofesi yake imapatsa banja mwayi wolankhula.

Ndondomekoyi inabwera chifukwa cha nkhani ngati ya Harold Shipman, dokotala wa ku Hyde pafupi ndi Manchester. Mu January 2000 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha odwala 15, ndipo kafukufuku amene anatsatira anapeza kuti anapha anthu oposa 200. Zikalata za imfa za ambiri mwa anthuwo ankalemba yekha, popanda wina wozionanso.

Ofesi ya medical examiner ikakuimbirani foni, musangoyankha kuti "zonse zili bwino" chifukwa cha ulemu. Ngati malemu anabwezedwa kuchipatala katatu akudandaula ululu wa pachifuwa, nenani. Ngati ambulansi inachedwa, kapena mankhwala anasinthidwa masiku ochepa asanamwalire, nenaninso. Medical examiner akaona kuti pali chokayikitsa amatumiza nkhaniyo kwa coroner. Funsaninso tanthauzo la mawu achingerezi a zachipatala omwe alembedwa pachikalata, mpaka mutawamvetsa moti mungathe kufotokozera akumudzi m'Chichewa. Masiku 5 olembetsera imfa tsopano amayamba kuwerengedwa pamene ofesi yolembetsa imfa yalandira chikalatacho, choncho kufunsa mafunso sikukuphwanyitsani lamulo.

Amalume palibe pamndandanda

Lamulo limatchula anthu amene ali ndi ufulu wotenga mbali pa kafukufukuyu, ndipo limawatcha interested persons. Mwa achibale muli mwamuna kapena mkazi wa malemu, makolo, ana, achimwene ndi achemwali, agogo, adzukulu, ana a mchimwene kapena mchemwali wa malemu, bambo kapena mayi omupeza, ndi abale osiyana bambo kapena mayi. Mulinso munthu amene ankakhala ndi malemu monga banja lokhazikika pa nthawi ya imfayo, ngakhale ukwati wawo unali wa chinkhoswe chabe, wosalembetsa ku boma.

Mwaona kuti amalume, amene kwa ambiri a ife ndiwo mwini mbumba, palibepo. Azakhali, asuweni ndi abusa palibenso. Komabe lamulo lomwelo limalola coroner kuvomereza munthu wina aliyense amene akuona kuti nkhaniyo ikumukhudza mokwanira. Ngati makolo a malemu ali ku Dedza kapena ku Chipata ndipo amene ali pafupi ndi amalume kapena msuweni, lemberani ofesi ya coroner kufotokoza ubalewo. Zimathandiza makolowo akatumiza imelo kapena kalata yosonyeza kuti asankha munthuyo kuti awaimirire. Sankhani mmodzi. Anthu asanu akamaimba foni aliyense ndi zake, uthenga umasokonekera ndipo nthawi imatayika.

Kupima thupi

Nkhani imene imavuta mabanja athu kwambiri ndi ya post-mortem, imene ambiri amangoti kung'amba thupi. Coroner safunika chilolezo cha banja kuti alamule zimenezi. Koma ayenera kukudziwitsani tsiku ndi malo ake, pokhapokha ngati kutero sikungatheke kapena kungachedwetse ntchito. Mungathenso kutumiza dokotala wanu kuti akakhalepo m'malo mwanu, pa ndalama zanu.

Ngati chipembedzo kapena mwambo wanu sulola kung'amba thupi, nenani mwamsanga ndipo funsani ngati n'zotheka kulijambula ndi makina a CT. Madera ambiri tsopano amagwiritsa ntchito njirayi. M'madera ena banja limalipira lokha, ndipo makinawo akalephera kuonetsa chomwe chapha munthuyo, coroner akhoza kulamulabe kuti thupi ling'ambidwe.

Nthawi zina dokotala wopima amasunga tizidutswa ta ziwalo, magazi kapena chiwalo chathunthu monga mtima kuti akapime mozama. Muyenera kuuzidwa chomwe chasungidwa ndi nthawi imene chisungidwe, ndipo mumasankha chomwe chidzachitike pamapeto: kuchibweza kwa inu, kuchitaya mwaulemu, kapena kuchisunga kuti chithandize pa kafukufuku. Ngati thupi likupita kumudzi, funsani funsoli lisananyamuke, kuti musadzamve maliro ataikidwa kale kuti chiwalo china chinatsala ku Britain.

Lipoti la kupimako muli ndi ufulu wolilandira mukapempha. Ndi lolembedwa m'mawu olimba ndipo limafotokoza zinthu zopweteka mtima, choncho ndi bwino kuliwerenga pamodzi ndi GP wanu.

Kodi thupi lituluka liti?

Malamulo a mu 2013 amati coroner atulutse thupi mwamsanga mmene zingathekere. Akalisunga kupitirira masiku 28 ayenera kuuza banja chifukwa chake. Nthawi zambiri thupi limatuluka pakangopita masiku ochepa chipimidwireni, ngakhale zotsatira za magazi zisanabwere. Simuyenera kudikira inquest kuti muike maliro. Kuchedwa kwenikweni kumakhalapo ngati apolisi akuganiza kuti munthuyo anachita kuphedwa, chifukwa pangafunike kupimanso kachiwiri.

Mu April 2018 khoti la High Court linapereka chigamulo chofunika kwa mabanja amene amaika maliro mwachangu. Coroner wa dera la Inner North London anali atakhazikitsa lamulo loti palibe imfa imene idzatsogozedwe chifukwa cha chipembedzo, aliyense azidikira pamzere. Bungwe la Ayuda loika maliro la Adath Yisroel linakasuma, ndipo khoti linati lamulolo linali losemphana ndi malamulo a dziko. Izi sizikutanthauza kuti pempho lililonse limavomerezedwa, koma coroner ayenera kulimva ndi kuliganizira. Ngati ndinu Asilamu, kapena pali chifukwa china chenicheni chofulumirira, chilembeni ndi kuchitumiza tsiku loyamba.

Thupi silingatuluke mu England ndi Wales popanda kudziwitsa coroner, ngakhale imfa itakhala yachilengedwe. Kampani yoona za maliro imadzaza fomu yotchedwa Form 104, ndipo lamulo limapereka masiku 4 athunthu odikira, pokhapokha coroner atalola msanga. Musagule matikiti a ndege kapena kulengeza tsiku la maliro kumudzi chilolezochi chisanatuluke. Kampaniyo idzakuuzaninso zikalata zina zimene a ndege ndi ofesi ya kazembe wa dziko lanu ku London amafuna.

Imfa imene ikuyembekezera inquest silembetsedwa mpaka nkhani itatha. Pakadali pano pemphani chikalata chongoyembekezera, chotchedwa interim death certificate. Ndi chimene mumaonetsa ku banki, kwa abwana a malemu, ku inshulansi ndi ku penshoni.

Tsiku la inquest

Inquest ndi bwalo la poyera limene coroner amamva umboni kuti ayankhe mafunso anayi: womwalirayo ndi ndani, anamwalira liti, anamwalirira kuti, ndipo imfa yake inabwera bwanji. Palibe woimbidwa mlandu. Coroner saloledwa kunena kuti munthu wakutiwakuti wapalamula, kapena kulamula kuti wina alipire chipukuta misozi. Ngati mukupita ndi chiyembekezo choti wina amangidwa tsiku limenelo, mudzabwerako okhumudwa. Koma zomwe zatuluka pabwalolo zingathe kuthandiza pa mlandu wina pambuyo pake.

Malamulo amati inquest ithe pasanathe miyezi 6, kapena mwamsanga mmene zingathekere, ndipo nkhani ikapitirira miyezi 12 iyenera kukanenedwa kwa Chief Coroner. Kunena zoona, mu 2023 nkhani zinkatenga masabata pafupifupi 31 mukaphatikiza zonse, ndipo zovuta zimatenga zaka.

Tsikulo lisanafike, pemphani zikalata zonse zomwe coroner adzagwiritse ntchito, kuphatikizapo umboni wolembedwa wa madokotala ndi anamwino. Pabwalo muli ndi ufulu wofunsa mboni mafunso, nokha kapena kudzera mwa loya. Ngati wina m'banja samva bwino Chingerezi, pemphani womasulira nthawi ikadalipo. Mungathenso kupempha kuti makolo amene ali kumudzi atsatire kudzera pa vidiyo, ngakhale kuti wovomereza ndi coroner. Ma coroner ambiri amalola banja kuwerenga mawu ochepa ofotokoza moyo wa malemu ndi kubweretsa chithunzi chawo.

Lamulo la Judicial Review and Courts Act la 2022 linabweretsa zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Coroner tsopano angathe kutseka kafukufuku popanda inquest ngati zadziwika kuti imfa inali yachilengedwe, ngakhale thupi lisanang'ambidwe. Angathenso kumaliza inquest pongowerenga zikalata, popanda bwalo, ngati akuona kuti palibe kusagwirizana. Asanatero amafunsa maganizo a okhudzidwa. Mukalandira kalata yotere muli ndi mafunso osayankhidwa, yankhani polemba kuti mukufuna bwalo ndipo tchulani mafunsowo. Kukhala chete kungaoneke ngati mwavomera.

Chigamulo cha 2020 pa nkhani ya kudzipha

Kale coroner sankanena kuti munthu anadzipha pokhapokha umboni utakhala wosasiya chikayiko chilichonse, monga zimakhalira pa milandu ya upandu. Mu November 2020 khoti la Supreme Court linasintha zimenezi pa mlandu wa Maughan, wokhudza mkaidi amene anamwalira m'ndende ya Bullingdon mu 2016. Tsopano coroner amangofunika kukhutira kuti umboni ukupendekera kwambiri mbali imeneyo kuposa inayo. Muyezo womwewu ukugwiranso ntchito ponena kuti munthu anaphedwa mosemphana ndi lamulo.

Kwa mabanja athu mawu akuti kudzipha ndi olemera. Amakhudza mwambo wa maliro kutchalitchi, ndi momwe anthu adzalankhulire za banjalo. Dziwani kuti coroner ayenerabe kukhutira pa zinthu ziwiri, kuti malemu anachita okha chomwe chinawapha, ndiponso kuti cholinga chawo chinali kufa. Ngati muli ndi umboni wosonyeza zina, monga mauthenga a pafoni kapena mapulani omwe anali nawo, uperekeni msanga. Ngati imfayo yakusiyani inuyo ndi maganizo ofuna kudzivulaza, imbani foni kwa a Samaritans pa 116 123, ulere, usana kapena usiku.

Kodi mufunika loya?

Pa inquest zambiri banja silifunika loya. Koma ngati munthu wamwalira m'manja mwa boma, kapena pali nkhawa yoti chipatala chinalakwitsa, mbali inayo imabwera ndi maloya ake. Kuyambira mu January 2022, banja lomwe nkhani yake ikuyenerera thandizo lapadera la boma lolipirira loya pa inquest silifunsidwanso kuti limapeza ndalama zingati. Mu September 2025 boma linaperekanso ku nyumba ya malamulo bilu imene anthu amaitcha Hillsborough Law, yofuna kukakamiza ogwira ntchito za boma kunena zoona pa kafukufuku ndi kukulitsa thandizo la maloya kwa oferedwa. Bungwe la INQUEST limapereka uphungu waulere pa imfa zokhudza boma, ndipo m'makhoti ambiri muli anthu ongodzipereka a Coroners' Courts Support Service amene amakhala nanu pa tsikulo.

Palibe apilo yachindunji pa zomwe coroner wagamula. Njira imodzi ndi yopempha High Court kuti iunikenso, ndipo pempholo liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 3.

Zimene amoyo amapindula

Kuchokera mu 2013, coroner akaona kuti chomwe chinachitika chingaphenso ena, lamulo limamukakamiza kulembera amene angathe kuchikonza, ndipo iwo ayenera kuyankha pasanathe masiku 56. Awaab Ishak wa ku Rochdale, mwana wa zaka 2 wa m'banja lochokera ku Sudan, anamwalira mu December 2020. Inquest ya mu November 2022 inapeza kuti chinamupha ndi nkhungu ya m'makoma a nyumba ya lendi imene makolo ake anaidandaula kwa nthawi yaitali. Mu 2023 panakhazikitsidwa lamulo lodziwika ndi dzina lake, lokakamiza mabungwe a nyumba zothandizira anthu kukonza mavuto otere pa nthawi yoikika. Ella Adoo-Kissi-Debrah wa ku Lewisham anamwalira ndi mphumu mu 2013 ali ndi zaka 9. Amayi ake sanakhutire ndi inquest yoyamba, ndipo yachiwiri, ya mu December 2020, inati mpweya woipa wa mumsewu unathandizira imfa yake. Zonsezi zinatheka chifukwa makolo sanasiye kufunsa.

Phindu lina lili m'banja mwanu momwemo. Munthu wachinyamata kapena wazaka zapakati akagwa n'kumwalira, nthawi zina chifukwa chake chimakhala matenda a mtima akumtundu, monga cardiomyopathy, long QT kapena Brugada. Bungwe la Cardiac Risk in the Young limati sabata iliyonse achinyamata 12 amamwalira ku UK ndi matenda a mtima omwe sanadziwike. Pa ambiri mwa matendawa, mwana aliyense wa munthu amene ali nawo amakhala ndi mwayi wa theka wotengera. Nthawi zina mtima umaoneka wabwinobwino popima, ndipo lipoti limangoti sudden arrhythmic death syndrome.

Choncho funsani coroner's officer ngati mtima ungaonedwe ndi katswiri wa matenda a mtima, komanso ngati angasunge magazi kapena kachidutswa ka kapamba kuti adzapime za kumtundu. Pemphani izi thupi lisanakonzedwe ndi mankhwala a paulendo, chifukwa mankhwalawo amawononga zomwe zimafunika popimako. Kenako tengani lipoti kwa GP ndi kupempha kuti makolo, abale a bere limodzi ndi ana a malemu atumizidwe kukapimidwa mtima. Tumizani lipotilo kumudzinso, kuti abale a kumeneko akalionetse kuchipatala.

Lipotilo limathandizanso pa china chimene tonse tikuchidziwa. Munthu akamwalira mwadzidzidzi kunja, kumudzi kumabuka zonena: anachita kumulodza, mkazi wake akudziwapo kanthu, anzake ankamuchitira nsanje. Namfedwa amene akulira mwamuna wake amapezeka akuyankha milandu pamaliro. Chikalata chofotokoza chomwe chinapha munthu, chitamasuliridwa bwino kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, chimatseka pakamwa pa ambiri.

M'sabata yoyamba, ngakhale mutu usakuyenda, chitani izi zokha. Sankhani munthu mmodzi wolankhula ndi ofesi ya coroner. Lembani nkhawa zanu zonse pa za chithandizo chimene malemu analandira, ndi masiku ake, n'kuzitumiza pa imelo. Nenani za chipembedzo chanu ndi za ulendo wa kumudzi. Funsani za ziwalo zosungidwa ndi za kupima matenda akumtundu. Pemphani interim death certificate ndi lipoti la post-mortem. Zina zonse zingadikire mpaka mutabwerako kumaliro.